Munthu Wosoka Thanga

Nthawi imeneyo ndinali wophika m'ngalawa ya matanga. Tinalimo anayi: kaputeni, akazi awo, mlamu wawo ndi ine. Titayenda milungu itatu panyanja, mphepo inang'amba thanga lalikulu, ndiye tinakocheza padoko lina kuti lisokedwe.

Anzangawo anakagona kuhotela. Ine ndinakwera basi ya m'mawa kupita ku likulu, komwe mwana wanga wamkazi amagwira ntchito. Panali patatha zaka zisanu tisanaonane. Ndinadikira pabenchi ya kuofesi kwawo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Atatuluka anandipatsa moni choimirira.

"Bambo, mukanayamba mwaimba foni. Lero ndapanikizika."

"Palibe kanthu, mwanawe. Ndimangodutsa."

Ndinazungulira m'misewu tsiku lonse, osadziwa aliyense, mpaka basi yomaliza.

Ndinafika m'tauni ya padoko masitolo atatseka. Ponseponse fungo la nsomba ndi dizilo. Mlonda wa padoko ananditsegulira geti akuyasamula.

Ndili chapatali ndinaona nyali ikuyaka m'ngalawa yathu. Ine ndinasiya nditazimitsa.

Pamwamba pa ngalawa panakhala mkulu wina, thanga lili pamiyendo, akusoka. Sanatukule mutu. Ndinangoti ndi mmisiri amene kaputeni anamuitana.

"Mwaswera bwanji, achikulire? Ntchito mpaka usiku?"

"Masana sindipezeka," anatero.

Ndinaphika tiyi, n'kumuikira kapu pambali. Pamenepo m'pomwe ndinaona kuti malaya ake anali onyowa. Madzi ankadontha m'zigongono, tho, tho, chonsecho mvula inali isanagwe sabata yonse. Zala zake zinali zotuwa, zamakwinya ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse.

Mantha anandigwira, koma sindinachoke. Kunena zoona, chichokereni kwathu panalibe amene anakhalapo nane pansi. Mkuluyo anandifunsa kumene ndinapita. Ndinamuuza zonse, ngakhale za benchi ija. Anamvetsera, singano ikungolowa ndi kutuluka.

"Kudikira kumapweteka," anatero. "Ine ndadikira nthawi yaitali pano."

"Mukudikira ndani?"

Anadula ulusi ndi mano.

"Munyamuka liti?"

"Mkuja."

"Malo a munthu mmodzi alipo?"

Ndikanati ndifunse kaye kaputeni. Koma pakamwa panga panangotuluka kuti, "Malo alipo. Bedi la moyang'anana ndi langa sagonapo munthu."

Ndinatsika kukatenga shuga. Pobwera, palibe munthu. Kapu inali yodzaza, tiyi atazizira ngati wa dzulo.

M'mawa kaputeni anafika ndi mmisiri wachinyamata, chikwama cha zida kumanja. Anapeza thanga losokedwa kale, msoko wowongoka bwino. Mmisiriyo anaupapasa kamodzi, n'kunyamula chikwama chake, ulendo osatsanzika. Mlonda analumbira kuti usiku wonse analowa ndi ine ndekha.

Mayi wogulitsa buledi pageti anandikodola.

"Mwamuona wosoka thanga uja, eti? Ngalawa yake inamusiya pano kalekale ali kuchipatala. Anaitsatira pa kabwato, osabwerera. Amapempha malo kwa aliyense." Anatsitsa mawu. "Inu munamuyankha chiyani?"

Nditamuuza, anangophimba buledi wake ndi nsalu, osandiyang'ananso.

Tinanyamuka tsiku lake. Thanga linagwira mphepo bwino kuposa kale, kaputeni mpaka kuimba mluzu. Usiku wachiwiri ndinadzidzimuka nditamva bedi lija likulira, monga limachitira munthu akamatembenuka. M'mawa matiresi anali onyowa. Akazi a kaputeni anati denga likudontha. Tinamata paliponse, koma sizinasinthe.

Sindinauze munthu. Ndinayenda nayo ngalawayo zaka zina ziwiri, ndipo kaputeni atafuna kundisamutsira kuchipinda chouma, ndinakana. Usiku uliwonse ndikazimitsa nyali ndinkanena motsitsa kuti, "Mugone bwino, achikulire."

Masiku ena ankayankha.