Madzi mu Mgolo wa Dizilo

Bambo Pensulo Chikaipa anakulira pa komboni ya famu ya fodya ku Matepatepa, ndipo imvi zinawapeza akadali pa ganyu. Choncho atapeza kamunda kawokawo kufupi ndi Musana, n'kugulanso kathirakitala kakang'ono ka dizilo kwa mlimi wina amene anatopa nako, mpingo wonse unabwera kudzakapempherera. Akazi awo, Mayi Muriel, analephera kumaliza nyimbo chifukwa cha misozi.

Pakhomopo panali mtendere. Palibe ankagwira ntchito asanapemphere, ndipo mlendo sankachoka ndi njala. Mwana anali mmodzi yekha, Ndaziona, mtsikana amene anali atangomaliza sukulu. Popeza maso a bambo ake anali atayamba kufooka, chiwongolero anachipereka kwa iye. Anaphunzira msanga kuyang'ana oyilo, kupukuta sefa, ndi kulima mizere yowongoka mpaka anthu oyandikana nawo anayamba kulimbirana kuti awalimire. Atakolola, Bambo Chikaipa anadzaza mgolo waukulu wa dizilo kuseri kwa nyumba, kukonzekera mvula yoyamba.

"Mwananga," ankatero, "ng'ombe ikadya zoipa imadwala n'kuchira. Kathirakitala aka kakamwa zoipa, kapita."

M'chilimwe Ndaziona ankatuta njerwa ndi ngolo ya kathirakitalako. Tsiku lina panjira ya ku Bindura anamuimitsa mnyamata wa nsapato zoyera ndi unyolo m'khosi. Dzina lake anali Kenias, mmodzi wa makorokoza, anyamata okumba golide m'maenje a kuphiri.

"Hesi, sisi! Manja okongola chonchi n'kumanunkha girizi? Mdala wanu akukuphani."

Ndaziona anaseka. Mawa lake Kenias anali pomwepo ndi botolo la chakumwa chozizira. Sabata yotsatira anabwera ndi foni yatsopano.

Mayi Muriel anaipeza foniyo m'thumba la ovolosi pochapa.

"Wakupatsa ndani?"

"Mnzanga wa kukwaya, Amayi."

"Ndaziona, ine ndine mayi wako. Anzako a kukwaya ndimawadziwa, sopo yemwe amachita kubwereka. Mwamuna wa kumaenje sapereka chinthu chaulere. Bweza."

Sanabweze. Anangophunzira kuibisa bwino.

Posakhalitsa Kenias anayamba kudandaula. Makina ake opopa madzi m'dzenje anali ataima, golide ali pafupi. "Chigubu chimodzi chokha cha dizilo, wokondedwa. Ndikagunda mwala wabwino ndibweza mgolo wathunthu, ndipo lobola ndipereka sabata yomweyo."

"Bambo akadziwa andipha."

"Hapana nyaya, palibe vuto. Si kuba kumeneko, dizilo ndi wakwanu."

Chigubu choyamba Ndaziona anachitulutsa makolo ake ali ku maliro. Chachiwiri sichinamuvute. Kenako anasiya kudziimba mlandu. Kutchalitchi anayamba kukhala kumbuyo, ndipo bambo ake akamatsogolera pemphero m'mawa, iye maso ankakhala pansi.

Mitambo itayamba kusonkhana, Bambo Chikaipa ananena kuti aviika ndodo mu mgolo aone ngati dizilo akwanire minda yonse imene analonjeza kulima. Ndaziona anathamangira kuphiri kwa Kenias.

"Mgolo watsala pang'ono kuuma! Bweza lero!"

Kenias anayasamula. "Thira madzi. Madzi amakhala pansi, dizilo amayandama. Mdala akaviika ndodo aona mgolo wodzaza. Iwe uzingotunga pamwamba mpaka ndibweze."

Masana omwewo mtsikana uja anatunga madzi pachitsime n'kuwathira mu mgolo wa bambo ake.

Mvula yoyamba inagwa Lachisanu. Loweruka m'mawa Ndaziona ananama kuti kwaya yaitanidwa ku Bindura, n'kukwera kombi ndi Kenias. Bambo Chikaipa anadikira, dzuwa likukwera, dothi lili lofewa bwino. Pomaliza anati alima okha. Anatsegula mpopi wa pansi pa mgolo, nadzaza thanki, maso awo osaona kuti chikutulukacho n'chotuwa.

Kathirakitala kanalima mzere umodzi. Kenako kanatsokomola, kanatulutsa utsi woyera, n'kuzima pakati pa munda. Anakaliza mobwerezabwereza mpaka batire linatha.

Makaniki wa ku Bindura atabwera anakhetsera mafuta m'botolo n'kulikweza m'mwamba. Madzi anali pansi, dizilo pang'ono pamwamba.

"Sekuru, pampu yapita, ndi zonse zopopera mafuta mu injini. Zipangizo zake kuno n'zosowa, ndipo mtengo wake mwina mungogula kathirakitala kena."

Madzulo bambo anamufunsa mwana wawo. Ndaziona anawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Ndi amene anatigulitsa dizilo, Ababa. Amathira madzi anthu amenewa."

Anamukhulupirira. Lolemba anavala jekete la kutchalitchi n'kupita kwa wogulitsa uja, ndipo munthu amene sanakwezepo mawu pagulu anakalipa pamaso pa anthu. Wogulitsayo anadikira amalize.

"Mdala, musandiipitsire dzina. Phiri lonse likudziwa kuti makina a Kenias amamwa dizilo wa kwa Chikaipa. Kafunseni mwana wanu."

Anthu ena anaseka. Bambo Chikaipa anavula chipewa, anapepesa, n'kubwerera wapansi. Atafika anapeza Ndaziona atanyamula kale zovala zake n'kuthawa. Wina anali atamuimbira foni.

Mvula sidikira munthu. Omwe analonjezedwa kulimiridwa anakapeza ng'ombe kwina, ena anabzala mochedwa n'kusiya kupereka moni pakhomo la a Chikaipa. Nkhalamba ziwiri zinalimbana ndi makasu, koma udzu unawapitirira. Chimanga chimene anakolola sichinafike n'komwe m'nyengo yozizira. Kathirakitala anakagulitsa ngati zitsulo zakutha, munda anausiyira ena, ndipo Bambo Chikaipa anabwerera ku Matepatepa kukasonkhezera moto m'mabalani a fodya. Utsi unawalowa m'chifuwa.

Kenias anamutengera Ndaziona ku Wadzanai, m'kachipinda kalendi. Golide sanatuluke. Mowa unkatuluka tsiku lililonse, ndi makofi omwe. Atamva kuti mtsikanayo ndi woyembekezera anati, "Ndikudziwa bwanji kuti mimbayi ndi yanga? Munthu wobera bambo ake angandiuze zoona ine?" Anamva za golide watsopano kwina, ndipo anapita osatsanzika. Mwini nyumba anaika katundu wa Ndaziona panja.

Ndaziona anafika pa komboni ya ku Matepatepa mimba itakula, mapazi atatupa. Mayi Muriel anamuona ali patali, anaika mtolo wa nkhuni pansi, koma sanathamange. Anangomulozera chitseko. M'katimo bambo ake anali gone pamphasa, nthiti zikuwerengeka, mpweya ukulira ngati mluzu.

Ndaziona anagwada. "Ababa, ndine. Ndinathira madzi ndine. Ndinakunamizani."

Bambo ake anatembenuka. Anafufuza dzanja lake n'kuligwira.

"Ndinakukhululukira kalekale, mwananga. Koma chikhululuko sichiliza injini. Taona pamene watiika."

Bambo Chikaipa anamwalira mdzukulu wawo asanabadwe. Lero Ndaziona amapalira fodya m'minda ya eni, mwana ali kumsana, ndipo amayi ake, amene anayenera kupuma, amapalira mzere woyandikana naye. Amapita kutchalitchi ndipo analapadi. Koma munda sunabwerere, ndipo Kenias sanamvekenso.

Inu anyamata ndi atsikana, chimene makolo akusungitsani si chanu choti mukagulire nacho chikondi. Munthu amene akukuuza kuti ubere kwanu sakukukonda, akukudya. Ndipo ukaba, usaphimbe ndi bodza, pakuti chigubu chobedwa chikanatha kubwezedwa, koma madzi othiridwa pobisa tchimo ndiwo anapha nyumba yonse. Mulungu amakhululukira wolapa, inde, koma sadzutsa bambo ako m'manda kuti uwapepese kawiri.