Namakani ndi Bawuti Wokana

Panali mtsikana wina wosamva za kugonja. Kwawo ankamutcha Namakani.

Abambo ake anali ndi boti la injini. Botilo linkawolotsa ana a sukulu pamtsinje.

Tsiku lina abambo anathyoka mkono. Mkonowo unali m'chikhakha.

Loweruka m'mawa, abambo anakhala m'shedi. Ankayang'ana injini ali ndwii.

"Ababa, mwatani?" anafunsa Namakani.

"Muno muli kachitsulo," anatero abambo. "Dzina lake ndi anodi. Madzi amadya kachitsuloko m'malo mwa injini. Kakatha, madzi ayamba kudya injini."

"Ndiye katha?"

"Sindikudziwa. Pafunika kumasula bawuti uyu. Koma mkono wanga ndi uwu."

"Ndimasula ine," anatero Namakani, akutola sipanala.

Amalume anali pakhomo la shedi. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Iwe? Timanja ngati timiyendo ta udzudzuto? Bweretsa sipanalayo."

Namakani anabisa sipanala kumbuyo.

"Ayi, amalume. Ndanena kale. Ndimasula ine."

Anaika sipanala pa bawuti. Anakoka. Bawuti anakana.

Anakokanso. Bawuti anakana.

Abambo anati, "Thira oyilo pang'ono. Kenako udikire."

Namakani anathira oyilo. Anadikira. Anakokanso.

Sipanala inaterereka. Chala chinasupuka. Misozi inalengeza m'maso.

Amayi anabwera akuthamanga.

"Basi, mwanangu. Zisiye."

"Ayi, amama. Sindisiya! Bawuti wakana. Inenso ndakana."

Amayi anamumanga chala ndi kansalu. Kenako anatola payipi yaitali pakona.

"Lowetsa chogwirira cha sipanala umu," anatero amayi. "Ugwire kumapeto."

Namakani anagwira kumapeto kwa payipi. Anaponda pansi zolimba. Analuma mano.

Kwiii!

Bawuti anatembenuka!

Namakani anachotsa kachivundikiro. Anasolola kachitsulo kaja. Kanali mabowomabowo, ngati chitsononkho chodyedwa ndi makoswe.

"Mayo!" anatero abambo. "Katsala pang'ono kutheratu."

Namakani anatsuka pamalopo ndi bulashi. Panawala. Abambo anamupatsa anodi watsopano.

"Tim'pake utoto kuti akongole?" anafunsa amalume.

"Ayi," anatero abambo. "Ukam'paka utoto, madzi sam'dya. Adya injini."

Namakani anaika anodi watsopano. Anabwezera kachivundikiro. Anamanga bawuti bwinobwino.

Amalume anavula chipewa.

"Amakaniko, mwamaliza? Ndinyamule injiniyi?"

"Nyamulani," anatero Namakani. "Koma osaigwetsa!"

Onse anaseka.

Kumtsinje, amalume anamangirira injini paboti. Kenako anakoka chingwe chake.

Dududududu!

Amalume anagwira chiwongolero. Amayi anakhala kutsogolo. Namakani anakhala pambali pa abambo.

"Ababa, m'chaka chamawa mkono udzakhala utapola?"

"Inde, mwanangu."

"Chabwino. Koma posinthanso anodi, sipanala ndidzagwira ine."

"Nanga ine ndidzatani?"

"Inu mudzagwira payipi."

Abambo anamukumbatira ndi mkono umodzi. Boti linkathamanga, madzi ali phwaa m'mbali.