Mizere Itatu pa Bwato

Ramla amakhala pa dooko la Nachanje, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta.

Bambo ake, Che Usumani, anali osema mabwato. Anamwalira chaka chatha. Nyanja ilipo. Mabwato alipo. Ababa palibe.

Pa holide kunabwera Lilian, msuweni wake wa ku Balaka. Ramla anasangalala. Tsopano anali ndi mnzake wogona naye pamphasa.

Koma Lilian anakwinya nkhope.

"Kuno kulibe sitima. Kulibe magetsi. Nsomba zokhazokha! Mawa ndikupita kwathu."

Ramla sanafune kutsalanso yekha.

"Usapite. Tiye ukaone kaye kwathu kuno."

Poyamba anamuonetsa matemba pathandala. Anali mbee ngati masipuni atsopano.

"Akununkha," anatero Lilian.

Anamuonetsa akakowa m'mabango.

"Kwathunso aliko."

Anamuonetsa mapiri a kutsidya.

"Uko ndi ku Mozambiki!"

"Ndi kutali," anatero Lilian, akuyasamula.

Ramla anakhala pa bwato. Misozi inalengeza. Lilian anakhala pambali pake, chala chake chikukanda mphuno ya bwatolo.

"Iii, ndani anatema apa? Mizere itatu."

"Ababa. Ndi chizindikiro chawo."

Lilian anayang'ana bwato lina.

"Nanga ili bwanji lili ndi mizere iwiri? Anaiwala?"

Ramla anayang'anitsitsa mizereyo.

Msodzi wina, Che Zubairu, ankasoka ukonde pafupi. Anaseka.

"Iyayi, mwanangu. Che Usumani sankaiwala. Bwerani."

Anawaonetsa bwato lakale, lodzaza zigamba. Linali ndi mzere umodzi.

"Ili anasema ali mbeta. Nthawi imeneyo pano panali zisakasa zitatu basi."

Anawaonetsa la mizere iwiri.

"Ili anasema atakwatira mayi ako, Ramla. Chaka chimenecho tinamanga msika."

Kenaka anagogoda bwato lake. Go! Go! Go!

"Ili ndi la mizere itatu. Ndinalipo tsiku limenelo. Anabwera akuthamanga, nsapato imodzi m'manja. Anati, 'Kwabadwa Ramla!' Kenaka anatema mzere wachitatu."

Ramla anagwira mzerewo. Anaugwira nthawi yaitali.

"Ndiye uwu ndine?"

"Ndiwe. Tsiku lililonse umapita nafe panyanja. Ku Mozambiki unafika kalekale, wopanda pasipoti!"

Ramla anaseka. Lilian anadumpha.

"Tiye tikufunefune!"

Anathamanga pamchenga.

"Ramla uyu!"

"Ramla wina uyu!"

"Winanso uyu, wanyamula milamba!"

Anapeza mabwato asanu ndi anayi.

"Ena ali kutsidya," anatero Che Zubairu. "Abwera Loweruka."

Kunyumba, amayi a Ramla anali atachapa zovala za Lilian.

"Zauma, mama. Longedza za ulendo wa mawa."

"Iyayi, azakhali, sindipita," anatero Lilian. "A Ramla ena sanafike."

Ramla anatulutsa mphasa. Anaiyala yonse, malo a anthu awiri.