Mapazi Awiri M'chipsepse Chimodzi

Tsiku limene Deolinda anatsegula belo la nsapato za kaunjika pamsika wa Milange, anapezamo chinthu chachilendo. Chinali chipsepse chachikulu chapulasitiki, chonga mchira wa nsomba, chokhala ndi molowetsa mapazi onse awiri. Anthu anachiseka m'mawa wonse, mpaka panafika mwamuna wina wamtali, wamano oyera, dzina lake Arlindo.

"Mana, mlongo wanga, ichi n'chosambirira pansi pa nyanja," anatero. "Ine ntchito yanga n'kubaya nsomba ndi mkondo ku Pebane, kunyanja yamchere. Koma lero wobayidwa ndine, ndi maso anuwa!"

Deolinda anaseka mpaka kugwetsa nsapato. Paja amati ndikanadziwa ndikanaphika therere.

Mwezi usanathe anali atamupatsa chipsepsecho ngati mphatso. Arlindo anachikumbatira nkulumbira. "Nyenyezi yanga, ine ndi iwe tidzakhala mapazi awiri m'chipsepse chimodzi. Ndikangobwerako kunyanja, ankhoswe anga akaonekera kwa amalume ako."

Ankachoka milungu itatu, kubwera masiku awiri, kuchokanso. Mauthenga a pafoni okha ndiwo sankasowa.

"Amor, wokondedwa wanga, chipsepse chako chikundilowetsa m'mapanga a miyala ngati mkunga. Nsomba zikundimva!"

"Pirira pang'ono mtima wanga, mwezi uno nyanja yavuta."

Zaka ziwiri zathunthu! Amalume anasiya kufunsa za ankhoswe. Anzake apamsika anakwatiwa, ena anabereka. Deolinda anatopa, kutopa kofika m'mafupa. Nanga ndi msodzi wanji amene sabweretsera bwenzi lake ngakhale kansomba kouma kamodzi? Komabe ankadikira, poti mtima unali utakana kumva.

Tsiku lina a Sebastião anabwera kudzasankha nsapato. Mkuluyu anakalambira kunyanja akubaya nsomba, ndipo anali atangobwerera kwawo. Monyadira, Deolinda anawaonetsa chithunzi cha pafoni, Arlindo atanyamula chipsepse chija.

"Mwana wanga, ichi n'cha othamangitsana pamadzi opanda chopinga," anatero a Sebastião. "Wobaya nsomba amavala ziwiri, phazi lililonse chake. Umafunika kuima duu, kukhota pang'onopang'ono m'miyala, kubwerera chambuyo. Miyendo itamangidwa pamodzi ungatani? Ukati usunthe, thupi lonse ligwedezeke, nsomba zabalalika. Chingwe cha mkondo chikakukola, basi wapita."

"Koma iye akuti amalowa nacho m'mapanga, tio," anatero Deolinda, akuwatchula mwaulemu ngati amalume.

"Ndiye kuti sanachivalepo m'madzi." Anayang'anitsitsanso chithunzicho, nkupukusa mutu. "Ndipo kaphiri kali kumbuyoka ndimakadziwa ine. Kumeneku n'ku Molumbo, kumtunda konkuno, kutali ndi nyanja."

M'mawa mwake Deolinda sanayale nsapato. Anakwera njinga yamoto, nakafika ku Molumbo fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Kwa Arlindo sikunavute kufunsa, aliyense ankakudziwa. Pabwalo anapeza mayi wamwana kumsana, akusenda nandolo.

"Odi kuno! A Arlindo alipo?"

"Fikani, mana. Bambo a ana ali kumunda, abwera posachedwa."

Bambo a ana! Deolinda anafunsa kuti, "Sali kunyanja?"

Mayiyo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Nyanja yake iti? Amenewo ngakhale kamtsinje kolekeza m'mawondo amaoloka atandigwira mkono!"

Apo m'pamene Deolinda anachiona. Chipsepse chija chinali pakhomo la khola la nkhuku, chitamangiriridwa ndi luzi, chili zitosi zokhazokha.

"Chimenecho akuti anachitola pamsewu ku Milange," anatero mayiyo. "Chikutithandiza bwanji! Likongwe anasiya kutigwirira anapiye."

Deolinda anafuna kulira, koma misozi nayo inali itatopa. Kodi ankapempherera ndani nthawi zonse mphepo ikawomba? Kodi anakanira ndani amuna enieni amene ankamufunsira? Anangokhala pansi pamphasa.

Foni inalira m'chikwama. Anaitulutsa.

"Nyenyezi yanga, ndangovuuka kumene. Ngakhale pansi pa madzi ndimaona nkhope yako."

Anakweza maso. M'kanjira kochokera kumunda munkabwera Arlindo, khasu lili paphewa, mapazi ali fumbi lokhalokha. Maso ake anali pafoni, akumwetulira, kudikira yankho.