Wolandira Chikwama

Umphawi ulipo wamitundumitundu, koma wowawa kwambiri ndi uja woti ndalama zikudutsa pakhomo pako tsiku ndi tsiku, iwe n'kumangozionera kumsana. Ndiwo unali umphawi wa a Mapazi. Dzinali anawapatsa ndi anzawo chifukwa ntchito yawo inali ya miyendo, yotsogolera alendo odzaona malo. Mudzi wawo unali m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo pamwamba pa phiri loyang'ana kumadzi panali nsanja yakalekale yamiyala, imene makedzana inkaunikira sitima. Mbiri ya nsanjayo a Mapazi ankaidziwa kuyambira pamaziko mpaka kudenga. Vuto linali njira yake. Inali yokwera, yamiyala yoterereka, yopanda ndi mthunzi womwe. Alendo ankati akafika pakati n'kukhala pansi ali wefuwefu, amvekere, "Basi taona, tiyeni tizibwerera." Wobwerera panjira salipira mokondwa, ndipo sakauza anzake kuti akayeseko.

Tsono mlamu wawo anali ndi boti la injini. Alendo ake ankangokhala phee pamipando, kamphepo kakuwaomba, kujambula zithunzi, n'kutsika akuseka. Mlamuyo anamanga nyumba yooneka, pamene kwa a Mapazi denga linkadontha ndipo nsapato zawo zinali zitayasamula kukamwa.

"Alamu, phiri lanulo bwanji osaligulitsa mugule nkhafi?" ankatero mlamuyo powaseleula. A Mapazi ankaseka nawo, koma m'kati nsanje ikuwadya.

Nsapato zoyasamula zija ndi zimene zinawafikitsa kwa wosoka nsapato wa kuseri kwa depoti ya mabasi. Aliyense ankadziwa kuti mkuluyu sasoka nsapato zokha.

"Nsapatozi zatopa," anatero wosokayo osadzutsa mutu. "Koma mwini wake watopa koposa. Ndiyambire pati?"

A Mapazi anayang'ana uku ndi uku. "Ndikufuna alendo anga azifika pamwamba."

"Zochepa zimenezo. Bweretsani chikwamacho."

Chinali chikwama chimene ankanyamuliramo madzi akumwa ndi mabandeji. Wosokayo anang'amba lamba wake, kulowetsamo kanthu kakuda, n'kuyamba kusoka.

"Pamene njira yavuta, mlendo aliyense muzimugwira dzanja ngati mukumuthandiza kukwera. Kutopa kwake konse kuzilowa m'chikwamamu. Ngakhale nkhalamba izidumpha miyala ngati mbuzi."

"Nanga ndilipira chiyani?"

"Ine zanu sindidya, bwana. Kungoti kutopa sikufa, kumangosamuka. Chikwamachi chikafika kunyumba chimafuna wochilandira. Amakulandirani ndani mukaweruka?"

"Mayi a kunyumba."

"Ali ndi mphamvu?"

"Amachapa okha zofunda zonse za nyumba ina yogona alendo."

"Ndiye muli ndi mwayi." Wosokayo anadula ulusi ndi mano. "Waganyu sawerengedwa, wokakamizidwa sawerengedwa. Chimafuna manja olandira mwachikondi. Chikasowa wolandira, katunduyo ndi wanu, ndipo kutula simungatule."

A Mapazi anayang'ana chikwamacho. Kenako anadziuza kuti kutopa si matenda. Munthu amatopa, kugona, m'mawa n'kudzuka bwinobwino. Anatenga chikwama chija.

Abale inu, zinagwira! Tsiku loyamba lomwelo agogo ena oyendera ndodo anakafika pansanja akuimba nyimbo, n'kutsika akufunsa ngati kuli phiri lina. Mbiri inawanda kuti kuli wotsogolera alendo amene ukayenda naye sutuluka ndi thukuta lomwe. Mabasi anayamba kuima pakhomo pa a Mapazi. Anafolera nyumba ndi malata atsopano, kumanga zipinda zogona alendo, kugula galimoto. Mlamu uja zoseleula zinamuthera.

Madzulo aliwonse mayi a kunyumba ankatuluka akupukuta manja pansalu, monga ankachitira chikwatiranirane, n'kutambasula manja onse awiri. "Takulandirani, bambo a mwana." Lamba akangochoka paphewa, a Mapazi ankamva thupi lonse kuti pepuu. Mayiwo ankangoyasamula, n'kuseka okha kuti ukalamba wayamba msanga.

Poyamba kunali kuyasamula kokhako. Kenako anayamba kusinza atagwira sopo pabeseni. Ntchito yochapa ija anaisiya, ndipo anthu anati n'zoyenera, mkazi wa munthu wolemera achapirenji zofunda za eni? Koma ngakhale ankagona usana wonse, ankadzuka ali ofooka kuposa dzulo. Kuchipatala anawayeza zonse, osapeza kanthu. Anangoti akapume.

"Bambo a mwana," anatero tsiku lina ali chigonere pamphasa, "ine zikundidabwitsa. Miyendoyi ikuphwanya ngati ndakwera phiri, chonsecho m'nyumba muno sindinatuluke."

A Mapazi anayang'ana kukhoma. Chikumbumtima chinawalasa, ndipo m'mawa mwake anapita kuseri kwa depoti.

"Chotsanimo kanthu kaja m'chikwamamu. Akazi anga akutha."

"Ine ndimasoka, sindisosola," anayankha mkulu uja, maso ali pansapato ya munthu wina. "Komanso mukuvutikiranji? Ingolekani kugwira alendo manja. Chikwama chopanda kanthu sichipha munthu."

Mwamva? Njira yopulumukira inalipo, yaulere, yapafupi. Koma nyengo ya tchuthi inali itangoyamba, alendo ali mbwee, ndipo zipinda zina zinali zisanathe kumangidwa. A Mapazi anati mwezi uno wokha. Mwezi utatha anati wamawa wokha. Ankawagulira akazi awo zipatso, mkaka, matiresi ofewa, ngati kuti zimenezo zingabweze chimene ankawalanda madzulo aliwonse. Mawu ochepa chabe akanakwanira, akuti musamadzuke kudzandilandira. Mawuwo sanatuluke.

Ndipo mayiwo, mwa chikondi chawo, sankalola kuti amuna awo alowe m'nyumba ngati mlendo wosafunidwa. Akamva galimoto ankadzikoka, kugwirira khoma, mpaka pakhomo. Tsiku lina analandira chikwama, n'kukhala pansi pomwepo atachifungata. "Ndipumeko pang'ono," anatero. Sanadzukenso.

Pamaliro a Mapazi analira mpaka mawu kutha, anthu n'kumati bamboyu ankawakondadi akazi ake. Anawakondadi, n'chifukwa chake kulirako kunali kowawa. Analumbira mumtima kuti dzanja la mlendo sadzaligwiranso, poti m'nyumbamo munatsala iwo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, kamtsikana ka kupulayimale.

Lumbirolo analisunga kwa kanthawi. Alendo anayambanso kubwerera panjira akudandaula kuti zimene anamva zinali zabodza. Zipinda zinayamba kukhala zopanda anthu, akangaude n'kumangamo zawo. Madzulo ena anamva injini ya boti la mlamu wawo ikudutsa, alendo akuimba m'menemo, mtima wawo wakale uja n'kudzukanso.

Ndiye kunabwera mabasi awiri odzaza ndi anthu opuma pantchito, azigogo okhaokha, ofunitsitsa kukaona nsanja asanamwalire. Mtsogoleri wawo anati akakafika onse pamwamba, azibwera ndi gulu lotere mwezi uliwonse.

"Lero lokha," anadziuza a Mapazi. "Ndisenza ndekha. Ndine mwamuna, ndigona n'kudzuka."

Anagwira dzanja la aliyense. Azigogo aja anakwera akuseka, kujambulitsa pansanja, kutsika akuthamangitsana ngati ana. Koma chikwama chinalemera ngati thumba la mchenga wonyowa. Pofika kunyumba dzuwa litapendeka, a Mapazi ankachita kukoka miyendo, maso akuchita mdima, lamba atalowa m'mnofu.

Chitseko chinatseguka. Mwana uja anatuluka akuthamanga, timanja tonse tiwiri tili patsogolo.

"Takulandirani, ababa! Poti amayi kulibe, ndizikulandirani ndine."

Zoona n'zowawa, koma tinene: phewa lawo linapendekera lokha kwa mwanayo. Thupi linkafuna kutula, silinkasamala kuti wolandirayo ndani. Zala za mtsikanayo zinangokhudza lamba, pomwepo nkhope yake n'kugwa ngati ya nkhalamba.

"Choka!" anakuwa a Mapazi, n'kumukankhira kutali. "Usadzandiyandikirenso, wamva?"

Mwanayo anagwa m'fumbi akulira, osadziwa chimene walakwa. Bambo ake anatembenuka n'kuyamba kudzandira kulowera kuphiri, chikwama chili kumsana.

Kunyumba kuja sanabwererenso. Anayesa kudula lamba ndi mpeni, mpeni n'kubuntha. Anayesa kugona, koma kutopa kwa anthu ambirimbiri chonchija sikulola tulo. Mutu unasokonekera. Zipinda zija zinagwa, galimoto inachita dzimbiri pabwalo, ndipo mwanayo anakaleredwa kwa mlamu wa boti uja, yemwe a Mapazi ankamuchitira nsanje.

Alendo okwera kunsanja masiku ano amakumana ndi munthu wowonda, wopindika msana, akukwera ndi kutsika osapuma. Wina akamva chisoni n'kunena kuti, "Bambo, tikulandireni katunduyo," amakuwa n'kuthawira m'tchire. Mwana wawo, amene tsopano ndi mayi wamkulu, amawapititsira chakudya n'kuchisiya pamwala, iye n'kuima patali. Mpaka lero amafunsa anthu kuti kodi anawalakwira chiyani bambo ake.

Walira mvula walira matope. Chuma cha zithumwa sichibwera chaulere, pamakhala wina amene akuchilipira, ndipo kawirikawiri amakhala yemwe amakukonda koposa onse. Dyera limati lero lokha, mawa lake n'kubwerezanso mawu omwewo. Kuli bwino kufika kwanu uli wotopa ndi wosauka, n'kulandiridwa ndi ako ali amoyo.