Tulo ta Zacarias

Dzuwa likulowa, Laurinda ankasankha mbewu ya mbatatesi pakhonde. Anthu onse anali ataweruka, koma kumunda khasu la mwamuna wake, Zacarias, linkamvekabe: gu! gu!

Zaka ndi zaka Zacarias anali wotero. Kugona kwake kunali kungophethira, pakamwa posatseka, tsiku lililonse nzeru yatsopano, kuseka ngakhale pamaliro. Kukacha, munda wake unkaoneka ngati mwadutsa ng'ombe zolima. Ndiye m'mudzimo, kufupi ndi Ntengo-Wambalame, manong'onong'o anayamba: munthu mmodzi sangalime chonchi, amatilimitsa ife tili m'tulo. Wina ankadzuka msana ukuphwanya, wina mphasa ikununkha dothi lonyowa. Kenako Amélia, mlongo wake wa mnansi wawo Celestino, anapezeka atauma pogona pake, m'zikhadabo muli dothi. Mlimi wanji wopanda dothi m'zikhadabo? Koma palibe anafunsa.

Laurinda, mantha atamugwira, anakokera mwamuna wake kuchipatala. Dotolo anafunsa za tulo, za kadyedwe, za zaka zonsezo, nawauza kuti abwerenso kangapo. Pomaliza anati, "Mayi, si ufiti uwu. Ndi matenda a maganizo, hipomania. Mtima wawo umangokhala m'mwamba, thupi osapuma." Anawapatsa mapiritsi. Laurinda analira ndi chimwemwe, ndipo madzulo aliwonse ankamumwetsa ndi dzanja lake. Zacarias anayamba kugona ngati chipika.

Tsiku lina kusanache bwino, Celestino anafika ndi gulu la amuna.

"Tamva khasu kumunda kwanu usiku wonse. Ali kuti?"

"Akugona! Lowani muone nokha," anatero Laurinda, mpaka kunyadira.

Analowa. Anamugwedeza, kumuitana dzina, kumudzutsa chokhala. Mutu unangoti lende, maso ali tseke.

"Mwaona?" ananong'ona Celestino. "Ili ndi thupi chabe. Mwini wake ali kumunda."

"Ayi, achimwene, ndi mankhwala! Dotolo anati..."

"Então, nanga wapha mlongo wanga ndani?"

Anamukoka miyendo kutuluka naye panja. Zacarias wakale uja akanawathawa onsewo, ngakhale kuwagonjetsa ndi pakamwa pokha. Koma uyu anatsegula maso mochedwa, mipini ili kale m'mwamba.

Maliro atatha, Laurinda anakhala pakhonde pomwe paja, mbewu ija itayamba kuwola m'dengu. Dzuwa linalowa. M'mudzi monse zitseko zinatsekedwa msangamsanga, agalu ali chete.

Kumunda kunamveka: gu! gu!