Kagalimoto ka Trupti

Munali mu Juni, kukuzizira, ndipo agogo anali atagona masiku khumi ndi atatu osayankhula. Sitiroko. Kuchipatala anatibweza nawo, ndiye tinawagoneka m'kanyumba kathu kuseri kwa nyumba ya a Sharda ku Area 9, komwe amayi amagwira ntchito.

Madzulo amenewo amalume a Paxton anaimba foni. "Mawa m'mawa ndikubwera ndi pikapu. Munthu wamkulu sathera mumpanda wa eni. Akathere kwawo."

Amayi anangoti, "Chabwino achimwene."

Ine ndinathawira kwa mnzanga Trupti, mwana wa a Sharda. Ndinamupeza akupukuta kagalimoto kake ka mpikisano wa kusukulu, kofanizira makina amene amatumizidwa kumwezi. Kalibe batire. Kamayenda pokhapokha dzuwa likakawomba pamsana.

"Kumwezi usiku umodzi ndi masabata awiri," anatero. "Kuzizira kwake, firiji ndi masewera. Makinawo amangozima. Dzuwa likabwerera, anthu pansi pano amayamba kuwaitana."

"Amayankha?"

"Ena. Iwe Esnati, mafunso ako ngati wapolisi."

Usiku magetsi anathima. Mwezi kunalibe. Amayi atagona, ndinagwada pamphasa ya agogo n'kuwaitana momwe iwo ankatiitanira akafuna kutiponyera chilape.

"Chilape."

Zii.

"Chilape, agogo."

Panja china chake chinayamba kukwekwereza patimiyala. Chimaima, chimayambanso. Agalu a a Sharda, ouwa ngakhale tsamba, anali chete. Kenako chinagunda chitseko, m'munsi mwenimweni, pomwe munthu sagogoda.

Kwathu usiku sutsekulira chinthu chosanena odi. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinatsekula.

Tochi ya foni inagwera pa kagalimoto kaja. Kanalowa kokha. Nditakakhudza, chala chinamatirira ngati pa ayezi. Mateyala ake anali ndi fumbi lotuwa ngati phulusa, chikhalirecho dothi la kuno ndi lofiira. Kanadutsa amayi, n'kukaima katagunda phazi la agogo.

"Nachize," anatero agogo, mawu ouma, ngati ochokera kutali.

Zilape zonse zinandithawa m'mutu.

M'mawa kagalimoto sikanalipo. Trupti analumbira kuti kanagona m'kabati yokiya, ndipo anakapezadi momwemo, konyowa. Amalume atafika anapeza agogo atakhala pakhonde, nkhope kudzuwa. Anabwerera ndi pikapu yopanda munthu.

Agogo akudya, akuyenda. Koma manja awo safunda, ndipo tsiku lonse amakhalira kusuntha mpando kutsata dzuwa. Kumsika wa Tsoka anzawo a amayi akunong'onezana kuti amene anadzukayo si amene anagona uja.

Lero akwana masabata awiri chidzukireni. Dzuwa likupendeka agogo anandigwira padzanja, kuzizira kwake mpaka m'fupa.

"Mdima ukubwera, mdzukulu wanga. Usaleke kundiitana. Ndipo Paxton usamuuze."